KOMBONI NDIYE BUKU LA MBIRI YA DZIKO LATHU

Mau amene ananenedwa pa msonkhano wa aphunzitsi a sukulu za kumidzi, wocitikira ku Kabanana, mu Lusaka

 Ambiri a inu mwacokera kutali, ena ku Chipata ndi ku Katete, ena ku Petauke, ku Nyimba ndi ku Chongwe, ndipo sindifuna kukutayirani nthawi. Funso limene ndapatsidwa ndi lakuti, Kodi mbiri ya dziko lathu, kuyambira nthawi ya Azungu kufikira lero, tingaiphunzitse bwanji kuti ana aimvetse? Yankho langa ndi lalifupi, ngakhale kulongosola kwace kudzatenga kanthawi: tiyambire pa komboni.

Nditero cifukwa ciani? Palibe kalasi mwa makalasi athu mopanda mwana amene atate wace, kapena mlongo wace, kapena amalume ace, akhala ku Kanyama, ku George, ku Chawama kapena kuno ku Kabanana. Ndiponso tidziwa tonse kuti ambiri mwa ana amene tiwaphunzitsa lero adzabwera kuno iwo eni. Koma mwana pakumva mau akuti komboni amva za matope, za mbala ndi za kolera, ndipo ngati mphunzitsi sanamuuze kumene makomboni anacokera, iye adzaweruza yekha kuti anthu a m'menemo ndi aulesi ndi osakonda dongosolo. Potero adzacita manyazi ndi abale ace omwe amamlipirira zobvala ndi makope. Kuweruza kumeneko nkonama, ndipo mbiri ndiyo itsutsa bodzalo.

Msonkho ndi Njanji

Kale malo ano anali dziko la Asoli ndi Alenje, ndipo panali mudzi wa mfumu ina dzina lace Lusaaka. M'caka ca 1905 njanji yocokera ku Livingstone kunka ku Broken Hill, kumene lero ticha Kabwe, inafika pano, ndipo omanga njanjiyo anaika kasiteshoni kakang'ono nakacha dzina la mfumu ija. Masiku amenewo dziko linali m'manja mwa kampani ya Cecil Rhodes, yochedwa British South Africa Company. Kwathu kum'mawa asilikari a kampaniyo anagonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898, napha Nsingo mwana wace, nalanda ng'ombe zambirimbiri. Mu 1911 zigawo ziwiri, ca kum'mawa ndi ca kumadzulo, zinaphatikizidwa kukhala dziko limodzi la Northern Rhodesia, likulu lace ku Livingstone. Ndipo mu 1924 kampani inapereka dziko m'manja mwa Boma la ku London.

Zaka zimenezi ana angaziloweze pamtima, koma cimene ayenera kumvetsa ndi msonkho. Boma silinali kulandira msonkho wa cimanga kapena wa nkhuku. Linafuna ndalama, ndipo ndalama zinali kwa Mzungu. Cotero amuna ananyamuka pansi ulendo wa masabata ambiri kukagwira nchito ku mafamu a Southern Rhodesia, ku malasha a ku Wankie, ku Katanga ndi ku Joni, ndipo pambuyo pace ku migodi ya mkuwa ya dziko lathu lomwe lino. Kuonjeza apo, mu 1928 ndi 1929 Boma linadula malo osungirako anthu akuda, ndipo mabanja ambiri anacotsedwa pa nthaka yabwino ya m'mbali mwa njanji ndi ya pafupi ndi Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, naunjikidwa pa malo ocepa amene sanacedwe kuguga. Phunziro loyamba ndi limeneli: agogo athu sanacoke kumudzi cifukwa ca kudana ndi khasu. Anacotsedwa ndi msonkho ndi kucepa kwa minda.

Mzinda Wopanda Malo a Eni Dziko

Mu 1931 Boma linatsimikiza zosamutsa likulu kucoka ku Livingstone kudza ku Lusaka, popeza pano ndi pakati pa dziko. Katswiri wa ku London, Professor Stanley Adshead, ndiye anayamba kulemba maonekedwe a mzinda watsopano, ndipo likulu linasamukira kuno mu 1935. Unali mzinda wokongola pa pepala: miseu yotakata, mitengo m'mbali mwace, ndi nyumba iri yonse pakati pa bwalo lace la maluwa. Koma akulu anati, cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Mzindawo unalinganizidwira Azungu ndi maofesi ao. Munthu wakuda anayesedwa mlendo wodzagwira nchito, wobwera yekha, wosiya mkazi ndi ana kumudzi, ndi wobwerera kwao nchito ikatha kapena mphamvu zikamthera.

Malamulo anatsata maganizo omwewo. Mwamuna ali yense anayenera kuyenda ndi citupa coonetsa dzina lace, mfumu yace, msonkho wace ndi bwana wace. Nyumba inali yomangika ku nchito: wolembedwa nchito anapatsidwa pogona ndi bwana wace, ndipo tsiku locotsedwa nchito linali tsiku lotuluka m'nyumba. Amene mufuna kuona ndi maso anu, pitani ku Kabwata, kumene asungako zina mwa tinyumba tozungulira ta udzu ta cipinda cimodzi timene anamangira anchito a masiku amenewo. Mu 1948 panatuluka lamulo lakuti pamangidwenso nyumba za anchito okwatira, ndipo m'zaka zotsatira Khonsolo ya mzinda inakuza Chilenje nimanga Matero. Cinali cinthu cabwino, koma nyumbazo sizinakwanire, ndiponso zinali za anthu olembedwa nchito. Nanga mmisiri wa matabwa wodzigwirira yekha? Nanga womanga nyumba amene nchito yace yatha dzulo? Nanga mai wamasiye wogulitsa ndiwo? Onsewa mzinda unali kuwafuna usana, koma sunawakonzere pogona usiku.

Maina Acitira Umboni

Tsono anthu otere anapita kuti? Kuzungulira mzinda kunali mafamu ndi migodi ya miyala ya Azungu, ndipo eni ace ena anaona kuti kulandira lendi kwa anthu omanga timisasa pa malo ao kupindula koposa kulima. Makampani omanga nyumba naonso anali ndi misasa ya anchito ao, ndipo nchito itatha anthu anatsala pomwepo. Mau akuti komboni acokera ku mau a Cingerezi ochula mpanda wotere wa anchito. Malo amenewa anali kunja kwa ulamuliro wa Khonsolo, cotero Khonsolo sinadziyese yamangawa kubweretsako madzi, miseu kapena sukulu.

Taonani maina ace, pakuti maina sanama. John Laing ndi John Howard ndi maina a makampani omanga. George ndi dzina la Mzungu amene anali ndi malo pamenepo. Misisi ndi mau aja ochulira mkazi wa Mzungu. Chawama poyamba anali kuchedwa ndi dzina la Roberts, kufikira anthu anampatsa dzina lao, limene m'Cinsenga ndi m'Cibemba litanthauza kuti cakoma. Kalingalinga anaphuka pa mafamu a kum'mawa kwa mzinda. Mwana woona maina amenewa pa bolodi, nauzidwa mwini dzina liri lonse, waphunzira za ulamuliro wa Azungu koposa amene waloweza maina a Abwanamkubwa onse kuyambira Sir Herbert Stanley kufikira Sir Evelyn Hone.

M'makomboni momwemo ndimo Cinyanja cinakhala cinenero ca Lusaka. Anthu a kum'mawa ndi a ku Nyasaland anabwera ambiri, apolisi ndi asilikari anali kucigwiritsa nchito, ndipo Mlozi, Mtonga ndi Mbemba pokomana pa citsime cimodzi anafuna mau omvana nao. Mitundu imene kumidzi inali kungomvana mbiri, kuno inabwerekana mcere ndi kuikana maliro.

Kumene Ufulu Unaphikidwa

Anzanga, pamene tiphunzitsa za ufulu tisaiwale mbali ya aphunzitsi. Kufikira nthawi ya ufulu sukulu zambiri za ana zinali m'manja mwa mishoni, ndipo kulemba kumene ana anaphunzira m'menemo ndiko kunalemba makalata odandaula kwa Boma. Donald Siwale ndi anzace a ku mishoni ya Mwenzo anayambitsa bungwe loyang'anira ubwino wa anthu akuda mu 1912. Dauti Yamba, amene anatsogolera kugwirizanitsa mabungwe otere mu 1946, anali mphunzitsi. Harry Nkumbula, amene anakhala mtsogoleri wa Congress mu 1951, anali mphunzitsi; Kenneth Kaunda ndi Simon Kapwepwe cimodzimodzi.

Koma mtsogoleri sasenza denga yekha. Pamene Boma la ku London linakakamiza Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, anthu akuda atakana, mphamvu ya kukana inacokera kwa anthu wamba. M'masitolo ambiri munthu wakuda sanali kuloledwa kulowa pakhomo. Anali kugulira pa kazenera ka kumbali, nalandira nyama yokulungidwa kale imene sanaione. Amai a m'makomboni ndiwo anaimirira pa makomo a mabuchala m'zaka za m'ma 1950 kuletsa anzao kugula, kufikira eni masitolo anamva kuwawa m'thumba. Mu 1960 Mai Julia Chikamoneka ndi anzace anabvula zobvala za kumtunda pamaso pa Iain Macleod, nduna ya ku London yoyang'anira maiko olamulidwa, kuonetsa mkwiyo wa amai a dziko lino. Kaunda mwini anatsogolera cipani ca UNIP ali m'kanyumba ka Khonsolo, nambala 394 ku Chilenje, kumene anakhala kuyambira 1960 kufikira 1962. Mu 1961, pa cipwirikiti cija ca Cha Cha Cha, cimene cinakula makamaka kumpoto ndi ku Luapula, anthu anatentha zitupa zao. Citaganya cinatha pa 31 December 1963, ndipo pa 24 October 1964 dziko linalandira ufulu ndi dzina lace la Zambia.

Cipata Citatseguka

Ufulu unacotsa citupa, ndipo munthu anakhala womasuka kupita kumene afuna, pamodzi ndi mkazi ndi ana ace. Anthu anabweradi. Pa kalembera wa 1963 mu Lusaka munali anthu ngati 123,000. Mu 1969 anapitirira 260,000. Mu 1980 anapitirira 500,000. Ndipo pa kalembera wa 2022 anapezeka oposa 2,000,000. Walira mvula walira matope. Boma latsopano linalandira dziko lokhala ndi anthu ake ngati 100 okha otsiriza maphunziro a ku yunivesite, ndipo linagwira nchito yaikuru pomanga sukulu ndi zipatala m'zigawo zonse, ndi kutsegula University of Zambia mu 1966. Koma kumangira nyumba khamu lonse lija silinathe.

Poyamba akulu a mzinda anayesa njira yakale, ndiyo kugwetsa nyumba zosaloledwa. Koma wogwetseredwa lero anali kumanganso mawa patsogolo pang'ono. Anayesanso kudula mapuloti ndi kupatsa anthu kuti adzimangire okha, ndipo Mtendere anayamba motero mu 1967. Pomaliza pace, mu 1974, Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lopatsa Boma mphamvu yobvomereza komboni kukhala malo oyenera kukonzedwa, ndi kupatsa mwini nyumba cikalata comlola kukhala pa malopo zaka 30. Kuyambira caka comweco, ndi ngongole ya ku World Bank, anayamba kulowetsa miseu, mipopi ya madzi, sukulu ndi zipatala zazing'ono ku Chawama, ku George, ku Garden ndi Chaisa, ndi ku Chipata wa kuno, woyandikana ndi Kabanana. Eni nyumba anakhala pansi ndi amisiri kupangana modzera mseu, ndipo amene nyumba zao zinagwa anapatsidwa malo ena pafupi. Kalingalinga anakonzedwa m'zaka za m'ma 1980 ndi cithandizo ca ku Germany. Lamulo la 1974 lija linalowedwa m'malo ndi lina mu 2015, koma tanthauzo lace likhalabe: Boma linabvomereza kuti anthu amene anaumba njerwa ndi manja ao, nakhoma malata ogula limodzi limodzi, sanali akuba malo koma omanga mzinda.

Zaka Zobvuta

Kodi cinaletsa nciani kuti nchito yabwino yotere ifike ponse? Pano mphunzitsi ayenera kunena zoona zonse, zokoma ndi zowawa. Cuma ca dziko cinaima pa mwendo umodzi, ndiwo mkuwa. Mu 1969, polankhula ku Matero, Pulezidenti Kaunda analengeza kuti Boma litenga magawo 51 pa 100 a migodi. Koma mu 1975 mtengo wa mkuwa unagwa, mafuta atakwera kale, ndipo dziko linalowa m'ngongole. Ndiponso Zambia analipira mtengo waukuru pothandiza anansi ace kupeza ufulu. Ian Smith atalanda ulamuliro wa Rhodesia mu 1965, njira yathu ya kumwera inasanduka ya mdani. Malire anatsekedwa mu 1973, ndipo njanji ya TAZARA yonka ku Dar es Salaam inatha kumangidwa mu 1975. Mu October 1978 ndege za Rhodesia zinaponya mabomba pa msasa wa ku Chikumbi, kumpoto kwa mzinda uno. Ndipo caka comweco madzi osefukira anagwetsa nyumba zambiri ku Kanyama.

Panalinso zolakwa za ife eni. Kuyambira December 1972 dziko linakhala la cipani cimodzi, ndipo pakamwa pa otsutsa panatsekedwa. Boma linacepetsa mtengo wa ufa m'tauni, koma mlimi wa cimanga sanapindule molingana ndi thukuta lace. Motero njira ya ku Lusaka inapitirira kukoka anyamata a kumidzi. Pamene ndalama zocepetsera mtengowo zinasowa, ufa unakwera, ndipo kunabuka zipolowe ku migodi mu December 1986 ndi muno mu Lusaka mu June 1990, anthu nafa. Makomboni omwe aja amene anathandiza kucotsa Citaganya anathandizanso kubweza zipani zambiri, ndipo pa masankho a 31 October 1991 Frederick Chiluba ndi cipani ca MMD anapambana, Kaunda natula pansi udindo mwamtendere. M'zaka zotsatira makampani a Boma anagulitsidwa, anthu ambiri anacotsedwa nchito nayamba kudalira tuntemba ndi malonda a m'miseu. Ndipo mu 1996 nyumba za Khonsolo zinagulitsidwa kwa okhalamo.

Za kolera ndinenepo mau awiri, pakuti ana adzakufunsani. Kanyama ndi malo ena a kumadzulo ndi kumwera kwa mzinda akhala pa mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu, ndipo madzi a pansi ali pafupi. Pamene cimbudzi cokumba ndi citsime cosaya ziri pa bwalo limodzi, mvula ikagwa zonyansa zilowa m'madzi akumwa. Ndico cifukwa cace nthendayi inabvuta mu 2017 ndi 2018, nibweranso koopsa mu 2023 ndi 2024, pamene bwalo la mpira la Heroes linasanduka cipatala, ndipo sukulu za dziko lonse, ndi zathu zomwe za kumidzi, sizinatsegulidwe kufikira February. Muzu wa bvutoli unabzalidwa ndi amene anamanga mzinda wopanda malo a eni dziko. Koma zaka zoposa 60 zapita ciyambire ufulu, ndipo sitingathe kusenzetsa Azungu katundu yense. Mwana auzidwe mbali zonse ziwiri.

Nchito Yathu

Nditsirize ndi zinthu zinai zimene mphunzitsi ali yense angacite, ngakhale pa sukulu yopanda mabuku okwanira.

Coyamba, tumani ana akafunse kwao: ndani wa pa banja lathu anayamba kupita ku tauni, caka citi, ndipo cinamcotsa nciani? Mayankho muwalembe pa bolodi motsata zaka. Mudzaona kuti ena anacoka cifukwa ca msonkho, ena citupa citatha, ena pa cilala ca 1992, ena dzana lomweli. Ndipo mbiri ya dziko idzaonekera yokha m'maina a agogo ao.

Caciwiri, itanani nkhalamba zimene zinagwirapo citupa ndi kugulira pa kazenera, zidzalankhule ndi ana, ndipo ana alembe zimene amva. Musazengereze, pakuti munthu amene anali ndi zaka 18 pa tsiku la ufulu lero ali ndi zaka ngati 80, ndipo caka ndi caka tiwaika m'manda pamodzi ndi zimene adziwa.

Cacitatu, musalowetse cipani canu m'kalasi. Nenani zimene boma liri lonse linacita bwino ndi zimene linalakwa, ndi zaka zace, ndipo mulole ana aphunzire kuyesa nkhani monga acitira akulu pa bwalo la milandu, kumva uku ndi uku asanagamule.

Cacinai, musawanamize ana za tauni kapena za kumudzi. Musawauze kuti ku Lusaka ndalama zicita kutola, ndiponso musawaopse kuti kuli zoipa zokhazokha. Auzeni za lendi, za madzi ogula pa cigubu, ndi za kufunika kwa luso la manja ndi cikalata ca malo. Wotsala kumudzi atsale modziwa kuti ulimi ndi nchito yaulemu. Wopita apite maso ali otseguka, wosacita manyazi ndi malo amene adzakhala, ndi wodziwa kuti ali ndi ufulu wofunsa akulu osankhidwa za mpopi, ngalande ndi sukulu.

Popuma masana ano, ndikupemphani muyende pang'ono m'njira za Kabanana. Muyang'ane njerwa, mipopi, misika ndi machalichi, ndipo mufunse eni nyumba kumene anacokera. Ambiri adzakuchulirani midzi imene inu muphunzitsako. Zimene mudzamve mukazitengere ana anu.